Tsiku limene sindinathire mchere

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, omwe ndinkakhala nawo ku Zingwangwa nditalekeza sukulu Fomu 2. Zinali zaka zoyambirira za matipate, mabungwe atachuluka, ndipo sabata iliyonse kunkakhala msonkhano wofuna nkhomaliro. Azakhali ankaimba kwaya limodzi ndi Mayi Mhango a ku Kanjedza, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankaphikira misonkhano yotereyi. Atamva kuti mayiwo akufuna mtsikana womva Chingerezi, anandichemerera ngati ndinabadwira ku Mangalande. Kunena zoona, Chingerezi changa chinkathera pa moni.

Tinkaphikira kuseri kwa nyumba yawo, pa mbaula zikuluzikulu za makala. Ine ndinkasankha mpunga, kusenda anyezi, kudula matimati ndi kabichi, kenako ndinayamba kukazinga nyama ndekha. Zikapsa, tinkakweza masefuliya pa pikapu kupita kuholo, n'kuvala maepuloni oyera kukagawa. Mnzanga wa ntchito anali amake Dalitso a ku Ndirande, mayi wosalankhulalankhula koma wa manja achangu.

Popeza alendo ena anali azungu ndipo ankafunsa za chakudya, Mayi Mhango ankandiphunzitsa Chingerezi pambaula pomwepo. Ankandinyambititsa ndimu, nkhope ikakwinyika amati, "Imeneyo ndiye sour." Kambuzi akandiotcha lilime, "hot". Mchere ukawawa, "salty". Ndiwo zosakolera mchere, zongoti zii, "bland". Kutapa mchere ndi nsonga za zala, "a pinch". Kulawira pachikhatho ankaletsa, pankakhala sipuni yakeyake. Mawuwa ndinawakonda mopusa. Ndinkawabwereza mu minibasi, mpaka tsiku lina ndinauza azakhali kuti nyemba zawo zinali "too salty". Anangondiloza ndi chipande.

Koma panali chinthu chimodzi chimene Mayi Mhango sankachidziwa. Ine ndinaleredwa kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, chifukwa odyawo angadwale, kutsokomola ndi kutupa. Azakhali ankanena zimenezi alibe nthabwala, ndipo ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse. Masiku amenewo akafika ndinkangokankhira chitini cha mchere kwa amake Dalitso, iwo n'kuthira osafunsa kanthu.

Tsiku lovutalo amake Dalitso anali kumaliro, ndipo ine ndinali kumwezi. Mayi Mhango anatsogola kuholo kukayala matebulo, n'kundisiyira mpunga, nyama ya ng'ombe ndi kabichi. Ndikanatha kuwauza asananyamuke, koma ndinali nditawamvapo akuseka miyambo ina kuti ndi yachimidzimidzi, ndiye ndinatseka pakamwa. Nyama itafewa ndinaima ndi chitini m'manja. Pakhomo panali dalaivala yekha, bambo wamkulu. Ndikanayamba bwanji kumupempha? Kuthira ndekha ndinaopa kudwalitsa anthu osalakwa. Ndinabweza chitinicho pashelefu, n'kudzinamiza kuti patebulo pamakhala mchere, aliyense adzithirira.

Tinafika mochedwa, alendo atatuluka kale m'chipinda cha msonkhano, moti Mayi Mhango sanalawe monga ankachitira nthawi zonse. Ndinagawa. Posakhalitsa ndinaona timabotolo ta mchere tikuyenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Bambo wina wa taye, amene ankayendetsa msonkhanowo ndipo ndiye ankapereka ntchito kwa Mayi Mhango, anawakodola. Anawauza mu Chingerezi kuti chakudya chonse chinali "bland", ndipo anafunsa ngati asintha wophika.

"Iwe Esinati, tabwera kuno," anatero Mayi Mhango. "Mchere uli kuti m'chakudyamu?"

Ndinaima pamutu pa tebulo, maso onse ali pa ine. Ndinadziwa kuti ntchito yanga ili pamenepo, ndi ya mayiwo yomwe. Ndikanati ndinaiwala, akanaona kuti ndi bodza, chifukwa munthu saiwala masefuliya onse. Ndinawerama n'kunong'ona, "Ndili kumwezi, mayi. Amake Dalitso kulibe."

 Mayi Mhango anatembenukira alendo, n'kumwetulira, n'kuyamba kufotokoza mu Chingerezi chawo chosalala cha uphunzitsi. Anati mtsikanayu ndi wophika wabwino, koma ali m'masiku ake a mwezi, ndipo pachikhalidwe cha ena mwa ife sakhudza mchere. Mwina ankaganiza kuti sindikutsatira. Koma miyezi yonse ija anali atanditsegula makutu okha, ndipo ndinamva liwu lililonse. Sindinadanepo ndi Chingerezi ngati tsiku limenelo.

Mzungu wina wamkazi anachita chidwi, n'kuyamba kufunsa ngati mwambowu umakhudzanso shuga. Azibambo achimalawi anazolika, ena akunamizira kusosola nyama. Mmodzi anatsokomola mwadala, anzake n'kuseka chamumtima. Nkhani imene kwathu ngakhale mchimwene wako saimva, inali pambale pamaso pa anthu ovala masuti, ine nditaima pomwepo ndi epuloni yoyera. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinatolera mbale nkhope ili pansi, ndipo pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa pikapu ndi masefuliya, misozi ikungotsika.

M'mawa mwake ndinati sindipita. Azakhali atamva nkhani yonse anati, "Mchere sunathire, unachita bwino. Koma pakamwa unapasiya kuti? Vala uzipita."

Ndinapeza Mayi Mhango akukoleza mbaula okha. Anandiuza kuti bambo wa taye uja wati msonkhano wotsatira ayesa kwina. Sanakweze mawu.

"Dzulo ndinakuvula pagulu, mwana wanga, ndipo sindinagone bwino," anatero. "Ndinkapulumutsa bizinesi, ndiye taona, sinapulumukenso. Zimene umakhulupirirazo ine sindizikhulupirira, koma dzanja ndili nalo. Ukanangondiitana."

Sanandichotse ntchito. Ndinakhala nawo zaka zingapo, ndipo mpaka lero ndimaphikira maukwati ndi misonkhano ku Bangwe kuno. Chimene ndinatolapo n'chakuti vuto la kukhitchini umalinena sefuliya isanachoke pamoto, ngakhale likhale lochititsa manyazi chotani, chifukwa likafika patebulo akakunenera ndi ena, m'chinenero chimene iwo asankha. Kuyambira pamenepo, masiku aja akafika amake Dalitso palibe, ndinkaima pakhomo la khitchini n'kuti, "Mayi, mchere." Iwo ankasiya chimene akuchita, n'kudzathira, ndipo sanandifunsenso chifukwa chake.