Woyamba kuika nkhata pa manda a Wongani

Lachitatu lapitali ndinali ndi maikolofoni m'manja ku Henga, koma sikunali ku ukwati. Inu ondidziwa mukudziwa kuti kukamwa kwangaku kunandipezera ntchito yachiwiri kuno ku Rumphi. Kukakhala ukwati kapena chinkhoswe, amati itanani mphunzitsi wa ku Ntcheu uja ayendetse mwambo. Ulendo uno anandiitanira maliro. Kunabwera alendo ambiri ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anthu oti Chitumbuka chawo chimathera pa “yewo”, ndiye abale anafuna munthu wolankhula Chichewa kuti aliyense amve.

Tinkaika Wongani.

Ena munkangomutcha mnyamata wa kamera uja, ngakhale kuti imvi zinali zitayamba kale kumutuluka. Ine ndinadziwana naye m'maukwati momwemu. Ine ndili kalikiliki kuitana a kuchimuna pa perekaniperekani, iye ali chogwada pansi ndi kamera yobwereka. Kunena zoona, anali munthu wovuta kugwira naye ntchito. Akwati akhazikika bwinobwino pa mipando yawo, iye n'kuwadzutsa kuti asendere kufupi ndi zenera. Ankati makamerawa anawapangira azungu, moti ukangojambula chisawawa diresi limatuluka lowala koma mkwatibwi wake osaoneka nkhope. Ndikamukalipira kuti akutichedwetsa, ankangoseka n'kunena kuti, “Aphunzitsi, munthu wakuda nayenso azioneka.”

Maukwati anamuchepera. Anapita ku Mzuzu, kenako ku Lilongwe, n'kuyamba kupanga mafilimu enieni. Anajambula amayi oyanika usipa ku Chiweta, anajambula alimi a fodya a kwawo ku Henga, anajambula agogo ovina malipenga amene mawondo akuwakanika koma sakufuna kusiya. Akunja anayamba kumuitana. Ena mwa iwo ankafuna kuti azijambula ana amaliseche, ntchentche zili waa kumaso, iye n'kuwakanira kuti kwawo anthu amasamba.

Chimene ndinkamukondera n'chakuti filimu ikatha, ankabwera nayo kwa eni ake. Ankapempha kalasi, n'kutseka mazenera ndi masaka, n'kupachika nsalu ya pabedi ya mayi ake kukhoma, jenereta ili phokoso panja. Mukanaona mmene amayi a ku Chiweta anasekera atadziona okha pansalupo! Wongani ankalimbananso ndi akuluakulu m'maofesi. Ankati holo isamangotsegulidwa misonkhano ya mabwana, itsegulidwenso kwa ana a zisudzo. Ankati anthu ovina sayenera kukhala padzuwa tsiku lonse kudikira mlendo wolemekezeka, kenako n'kuwabalalitsa ndi botolo la zakumwa. Ojambula angapo amene akudya lero m'tauni anagwira kamera koyamba m'manja mwake.

Kenako anapanga filimu ija. Mukuidziwa, musanamizire. Inali ya amuna amene amakonda amuna anzawo. Onse olankhulamo anabisa nkhope, tinkangoona manja awo. Mmodzi yekha ndiye anaonetsa nkhope kumapeto, ndipo anali Wongani mwini wake.

Kuchokera pamenepo makiyi a maholo anayamba kusowa. Anthu omwe anawajambula pa ukwati wawo ankawoloka msewu akamuona pa Boma. Pali dzina lina loipa limene ankamutchula, sindililemba muno. Koma iye sanasiye kubwera kwawo pa Khirisimasi, ndipo sankabwera yekha. Ankabwera ndi Dalitso, munthu wofatsa wa ku Dedza wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, amene anakhala naye nyumba imodzi zaka zambirimbiri. Tinkati “mnzake”. Tonse tinkadziwa, ndipo tonse tinagwirizana kusadziwa.

Impso zitayamba kumuvuta Wongani, Dalitso anasiya ntchito n'kukhala gadiyani kuchipatala. Amene munadwazikapo mukudziwa tanthauzo lake. Kugona pasimenti, kusambitsa wodwala, kumutembenuza, kutaya zoipa, kupempha anamwino mogwada. Mayi ake a Wongani, a NyaKumwenda, amene anaphunzitsa theka la Henga kuwerenga asanapume ntchito, anapitako miyendo ikuwawawa. Zimene anakaona sanauze munthu.

Mmawa wa tsiku loika maliro, bambo ake aang'ono a malemu anandikokera kuseri kwa chigafa cha fodya. Iwo ndiwo mutu wa banja chimwalirireni mkulu wawo, komanso ndi mkulu wa mpingo. Anandilongosolera ndondomeko ya nkhata. Anati popeza malemu analibe banja, ndiyambire amama ake, kenako abale, kenako a mpingo ndi mafumu. Anzake onse a kutauni aike nkhata imodzi kumapeto, ndipo ndisatchule dzina la wina aliyense.

Musafulumire kuwada bambowa. Anali atayenda mapazi kutupa kupempha kuti mpingo uvomere kuimba pa malirowa, pakuti ena ankati munthu wotere aikidwe chinunu. Ankaopa kuti pakangochitika kanthu, kwaya itseka mabuku n'kunyamuka, mayi wokalamba n'kuika mwana wake popanda nyimbo. Anatinso akuteteza mlendoyo, Dalitso, chifukwa dziko lino lili ndi malamulo ake komanso anyamata ake a miyala. Ndinavomera. Woyendetsa mwambo sayendetsa zake.

Nditabwerera kubwalo, Dalitso anali pa benchi panja pamodzi ndi amuna ena onse. M'nyumba ya siwa, mmene munali bokosi, munali amayi okhaokha, monga mwa mwambo. Iye anali atafungatira jumbo yakuda pamiyendo. Anandikodola, n'kutsegula pang'ono. Munali kankhata kakang'ono ka maluwa oyera, katayamba kufota ndi ulendo.

“Aphunzitsi, ine ndiika nthawi yanji?”

Ndinamuuza zimene anandiuza. Sanatsutse. Anangoti chabwino, n'kumanga jumbo ija, n'kuikankhira pansi pa benchi. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pamene ndinaona bokosi.

Abale anga, nkhata si maluwa chabe. Maluwawo mbuzi zimadya mawa lake lomwe. Chimene timachita pamanda paja ndi kulengeza pamaso pa mudzi wonse kuti munthuyu anali wa yani. Woyamba kuitanidwa ndiye timati waferedwa kwambiri. Womaliza timati anangobwera kudzaperekeza. N'chifukwa chake mabanja amakangana za ndondomekoyi kuposa za ndiwo.

Ndayendetsa miyambo yambiri, ndipo ndaona anthu ambiri akudumphidwa. Mayi amene anakhala ndi bambo zaka zonse koma sanamulowole. Mwana wa kunjira amene nkhope yake ndi ya malemu yeniyeni. Mtsikana wantchito amene anasambitsa gogo mpaka tsiku lomaliza, ana ake ali ku Joni akungoimba foni. Onsewa amaima kumbuyo, pamene msuweni amene sanapondeko kuchipatala akuyenda monyang'wa ndi nkhata yaikulu ngati tayala la thirakitala. Kodi timawerenga chiyani pamenepa, chikondi kapena mapepala?

Ine ndine munthu wopemphera, ndipo sindinabwere kudzamasulira Baibulo mwatsopano m'danga lino. Za malamulo akambirane a malamulo. Funso langa ndi laling'ono. Munthu akadwala, sitifunsa amene akumutaya mikodzo kuti ndiwe ndani. Timangothokoza kuti alipo, chifukwa akanapanda iye bwenzi tili ife. Nanga bwanji wodwalayo akangotseka maso timayamba kufunsa?

Mafilimu a Wongani tinaonera, tinaseka, tinanyadira kuti mwana wa ku Henga akutchulidwa kunja. Ana athu anaphunzira kwa iye ulere. Zonsezo tinalandira ndi manja awiri. Koma munthu amene ankamuphikira kuti akhale ndi mphamvu zochitira zimenezo, ameneyo tinati akhale pa benchi.

Kumanda zonse zinayenda bwino. Kwaya inaimba, abusa analalikira mosamala ngati munthu woyenda paminga, anyamata anakwirira. Itakwana nthawi ya nkhata, ndinakweza maikolofoni n'kuitana mayi a malemu.

A NyaKumwenda anadzuka pamphasa, atavala yunifolomu yawo yoyera ya amayi a mpingo, amayi awiri atawagwira m'mikono. Koma sanalunjike kumanda. Anabwera kwa ine. Anakankha maikolofoni ija pambali ndi dzanja kuti mawu awo asamveke patali.

“Aphunzitsi, mwadumpha munthu.”

Ndinayang'ana bambo aang'ono aja. Iwo anayang'ana kumapiri. Ndinawanong'oneza mayiwo kuti ndikutsata zimene banja lagwirizana. Anandiyankha kuti nawonso ndi banja, ndipo mwanayo anamubala ndi iwo. Anati iwo anamusambitsa ali khanda, pamene kusambitsa kumakoma, koma pali wina amene anamusambitsa ali wamkulu, pamene kumanunkha. Sanadikire yankho langa. Anatembenuka n'kuyamba kudutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono, ndi miyendo yawo yovuta ija, anthu akupatuka, mpaka kumbuyo kwenikweni kumene kunaima alendo a kutauni.

Ndinkangodikira kumva mabuku a kwaya akutsekedwa.

Dalitso atawaona, anagwada. Ndikuganiza kuti ankayesa abwera kudzamuthamangitsa. Iwo anamufunsa kuti maluwa ake ali kuti. Anati anawasiya pansi pa benchi kunyumba. Mayiwo anangotenga nkhata yawo n'kumuika m'manja, n'kumugwira pamkono ngati mmene amagwirira mwana wopita naye ku sukulu tsiku loyamba.

“Tiye, mwana wane. Yamba ndiwe.”

Apa mpamene ntchito yanga inandikulira. Woyendetsa mwambo amayenera kunena amene akuika nkhata, ndipo ine, munthu wodya ndi pakamwa, ndinalibe mawu. Mkazi wa malemu ayi. M'bale ayi. Mnzake? Mawu amenewo tinali titabisalamo kokwanira. Ndinangoti, “Akuika nkhata tsopano ndi amene anadwazika malemu mpaka mapeto, pamodzi ndi mayi ake.” Si zonse, ndikudziwa. Koma silinali bodza.

Sindikunamizani kuti onse anakondwa. Amuna angapo anavala zipewa zawo n'kuchoka. Wina kumbuyo kwanga anatsonya. Abusa anapeza chinthu chofunika kwambiri choti awerenge pansapato zawo. Koma mayi wina wa m'kwaya, wamawu osasa ndi ukalamba, anayambitsa nyimbo, anzake awiri anapolokezera, kenako ena onse. Dalitso anaika nkhata ija kumutu kwa manda. Mpamene analira koyamba chifikireni, kulira kwa munthu amene wakhala akudzigwira nthawi yaitali, mayi aja atamusanjika dzanja pamsana. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa anthu tonse tinali pamenepo, ophunzira ndi audindo, amene anatsekula anali nkhalamba yoti ngakhale kuyenda ikuvutika.

Mwambo utatha, alendo anadya n'kuyamba kukwera minibasi yawo kuti akafike ku Mzuzu kusanade. Kuno alendo amapita tsiku lomwelo. Otsala ndi eni maliro okha, amene amagona pasiwa mpaka tsiku losesa. Dalitso anatsanzika mwaulemu, n'kukhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko cha minibasi, chikwama chake pamiyendo.

Dalaivala ataliza injini, a NyaKumwenda anatuma mdzukulu wawo kuti akamuimitse. Anafika okha pambuyo pake, n'kugogoda pagalasi.

“Inu pitani, yewo chomene, mwatilira. Uyu atsike. Sitinasese.”

Bambo aang'ono aja anali ataima pomwepo. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, ndinati basi, zayambika. Koma anatambasula dzanja n'kulandira chikwama chija, n'kulowa nacho m'nyumba.

Sindikudziwa kuti kumpingo akawauza chiyani mayiwa Lamulungu likubwerali. Mwina akawaitanitsa, mwina akawavula yunifolomu ija, ndipo iwo akudziwa bwino zimenezo kuposa ine. Anasankha akudziwa.

Inu amene mukuwerenga, tsiku lina mudzagona pabedi la kuchipatala osatha kudzitembenuza. Adzabwera wina kudzakutembenuzani, ndipo mwina sadzakhala amene mudzi ukuyembekezera. Kodi kwanuko alipo amene adzadzuke pamphasa kukamutenga kumbuyo?