Ndinkasungira Malemu Nambala, Wamoyo Akusowa

Inu owerenga, ndisanayambe kudzitama ndi zomwe ndinakonza, ndiyambe ndavomera zomwe ndinaononga. Ndinatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito mwana wa eni wosalakwa, ndipo kwa milungu itatu ndinkadziwa bwinobwino kuti wolakwa ndine, koma pakamwa ndinatseka.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la alimi cha kwa Makhuwira, m'boma la Chikwawa. Ndine woyang'anira makompyuta ndi netiweki. Sukulu ya zimenezi sindinapite nayo patali. Ndinachita kakosi ka miyezi ingapo ku Blantyre, zina zonse ndinaphunzira pogwiragwira. Amene anandilemba ntchito anali malemu a Jasi, omwe anayambitsa bungweli. Nthawi imeneyo ofesi yonse inali ndi makompyuta asanu ndi pulinta imodzi yomwe inkatafuna mapepala ngati mbuzi.

Kwa inu amene simuzitsata, chipangizo chilichonse, kaya kompyuta, foni kapena pulinta, chikafuna kulowa pa netiweki chimayenera kupatsidwa nambala yake, yomwe timaitcha adiresi ya IP. Imagawa manambalawa ndi rauta, kabokosi kobweretsa intaneti kaja. Mwa nthawi zonse rauta imangobwereketsa nambala kwa maola angapo, mwini wake akachoka n'kuipereka kwa wina. Netiweki yathu inali ndi manambala 254 basi. Pa makompyuta asanu aja, ine ndinkangoti awa ndi madzi a mu Shire, sangathe.

Kulakwa kwanga kunayamba ngati ulemu. Rauta imalola kusungira munthu nambala yakeyake kuti wina asaigwiritse ntchito. Pofuna kuwasangalatsa a Jasi, ndinawasungira nambala 2, poti nambala 1 ndi ya rauta yomweyo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundifunsa kuti, "Ndiye kuti pano wondiposa ndi kabokosi kokhaka?" Nkhaniyo inafala. Wachiwiri wawo anafuna 3, mkulu wa za ulimi anafuna 4, a komiti onse anafuna awo. Zinafika poti anthu akuluakulu ankanyozana pa nthawi ya tiyi kuti ine ndine 7, iwe ndiwe 40. Alendo ochokera ku Lilongwe akabwera ndinkawasungiranso, kuti akadzabweranso adzapeze malo awo. Munthu akagula foni yatsopano ndinkamupatsa nambala ina, yakale osaichotsa. Zonse ndinkazilemba mwaukhondo m'buku lachikuto cholimba, ndipo ndinkalinyadira bukulo.

Kwathu kuno dimba la munthu sililandidwa. Mwini wake angasamukire kumtunda pothawa madzi osefukira, angamwalire kumene, dimbalo limatchedwabe dzina lake. Ine ndinakula ndi nzeru imeneyo, ndipo ndinalowa nayo mu ofesi osaivula pakhomo. Anthu ankasamutsidwa, ena ankasiya ntchito, manambala awo ali chikhalire. A Jasi atamwalira, laputopu yawo inapita kwa amayi akunyumba kwawo, koma nambala 2 sindinaikhudze. Ndikanayamba bwanji kufufuta dzina la munthu amene anandipatsa ntchito? Patapita zaka, manambala osungidwa anayandikira mazana awiri, ambiri mwa iwo a mafoni omwe anafa kalekale. Otsala ochepawo ndiwo ankalimbirana ofesi yonse. Pasiwedi ya waifai nayo inali itasanduka nyimbo: alonda ankaidziwa, a kabaza oima pansi pa mtengo wa nimu ankaidziwa, amayi ogulitsa nsomba pageti ankaidziwanso.

Kenako kunabwera Marita. Chinali chaka china madzi atakokolola minda, ndipo bungwe linamulemba ntchito moyeserera kwa miyezi itatu. Ntchito yake inali kulowetsa pa intaneti mayina a alimi okokoleredwa kuti alandire mbewu zobzala kudimba. M'mawa uliwonse ankayamba wazungulira midzi panjinga kutolera mafomu kwa atsogoleri a makalabu, ndiye mu ofesi ankafika cha m'ma 10 koloko, fumbi lili mbuu m'miyendo. Pofika nthawi imeneyo manambala onse amakhala atatengedwa. Kompyuta yake inkayaka bwinobwino, koma intaneti osalowa.

Tsiku loyamba anabwera kwa ine mwaulemu, kudzandiuza mosakaniza ndi Chisena kuti kompyuta sikugwira ntchito. "Achimwene, kompyuta ija nkhabe phata basa, tabwerani mudzaione." Nditayang'ana ndinapeza ili ndi nambala yachilendo yoyamba ndi 169, yomwe kompyuta imadzipatsa yokha ikasowa woipatsa. Ndinadziwa pomwepo kuti madzi a mu Shire aja aphwa. Koma m'malo monena zoona, ndinabwerera ku tebulo langa, n'kuchotsa mobisa foni ya munthu wina, kenako n'kudzamuuza kuti, "Taonani achemwali, ikugwira bwinobwino iyi." Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Ndikakhala kuti ndatuluka, Marita ankangokhala pampando mafomu atawunjikana mpaka madzulo.

Taganizani mmene zinkaonekera kwa ena. Kompyuta ikukana Marita yekha, ine ndikangofika ikugwira. Anamusinthira ina, nayonso inakana. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mtsikanayu sadziwa kompyuta, mapepala ake a sukulu ndi okayikitsa. Ena ankati ali ndi manja oipa, chilichonse chomwe wagwira chimafa. Mayi wina anafika pomuletsa kukhudza pulinta. Ine ndinkamva zonsezo, ndipo nthawi zina ndinkaseka nawo. Kunena zoona, ndinkaopa. Ndinkaopa kuti akuluakulu akalandidwa manambala awo aulemu andiona wachipongwe, ndiponso kuti aliyense adziwa kuti katswiri wawo uja ndi wogwiragwira chabe.

Lachisanu lina ndinapita kukakonza pulinta mu ofesi ya mkulu wathu watsopano, bambo Alufandika. Pa tebulo panali kalata yosasainidwa yonena kuti Marita sapitiriza ntchito, ndipo adzauzidwa Lolemba. Potuluka ndinamupeza kuseri kwa ofesi, pa mpope, akusamba m'manja ndi sopo mobwerezabwereza, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Sanandione. Inu owerenga, manyazi omwe anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Mlandu suola, ndipo wanga unali utandipeza dzuwa likuswa mtengo.

Ndinatenga buku langa lija n'kubwerera kwa bambo Alufandika. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za mafoni omwe ndinkachotsa mobisa. Anatsegula bukulo, n'kumawerenga mayina mmodzimmodzi. Uyu anapita ku Mzuzu. Uyu tinamuika m'manda chaka chatha. Uyu sindikumudziwa n'komwe. Atafika kumapeto anavula magalasi.

"Ndiye mukundiuza kuti mwana wa eni akanapita chifukwa cha malo a anthu akumanda?"

"Eya, bwana."

"Kalata iyi ndiisunga mpaka Lolemba. Ikadzakana kompyuta ija, pochotsa dzina lake ndidzalembapo lanu."

Sindinadandaule, chifukwa anaweruza bwino. Ndinangopempha makiyi a ofesi ndi a sitolo.

Mu sitolomo munali swichi yaikulu, bokosi lomwe makebulo onse a netiweki amakumanamo. Inabwera ngati thandizo zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo ine ndinaibisa kuseri kwa matumba a mbewu chifukwa ndinkaiopa. Inali ya mtundu wofuna kuiuza zochita. Loweruka m'mawa ndinaipukuta fumbi, ndinatenga pepala ndi pensulo, n'kuimbira mnzanga wina yemwe tinaphunzira limodzi ku Blantyre. Atamva nkhani yanga anandiseka kaye mokwanira, kenako anandifunsa funso lomwe ndinayenera kudzifunsa kalekale: pa netiweki yako pali magulu angati a anthu, ndipo ndani akufunika kulankhula ndi ndani?

Ndinapeza magulu anayi. Makompyuta a mu ofesi. Mapulinta ndi seva yosunga mafayilo athu. Alangizi oyenda m'midzi ndi matabuleti awo. Pomaliza mafoni a aliyense pamodzi ndi alendo. Gulu lililonse ndinalipatsa mndandanda wakewake wa manambala, womwe timautcha sabuneti. Mapulinta ndi seva anafuna ochepa, ndinawapatsa kagawo kakang'ono. Mafoni ndi alendo ndinawapatsa gawo lalikulu kuposa onse, manambala opitirira mazana asanu, koma obwereka kwa maola awiri okha. Kenako pa swichi ndinakonza ma VLAN, kutanthauza kuti ngakhale magulu onse akudutsa m'bokosi limodzi ndi m'makebulo omwewo, lililonse lili ndi chizindikiro chake ndipo silisakanikirana ndi linzake. Amene munaonako sikimu ya mpunga mundimvetsa: ngalande ndi imodzi, koma munda uliwonse uli ndi chitseko chake, ndipo wa kumtunda sangamalize madzi a wa kumunsi.

Papepala zinali zokongola. Pochita, thukuta linali kamukamu. Cha m'ma 11 ndinalakwitsa, n'kudzitsekera kunja kwa swichi yomwe, moti inasiya kundimvera. Ndinachita kuibaya ndi kawaya pa kabowo kakumbuyo kuti iiwale zonse, ntchito ya maola atatu n'kupita. Ndinayambiranso. Magetsi anazima, ndinakaliza jenereta ndekha. Lamulungu nditachoka ku tchalitchi ndinapeza kuti makompyuta sakuonanso pulinta, poti ndinali nditawalekanitsa osawatsegulira njira. Ndinauza rauta kuti a mu ofesi ndi alangizi azifika pa pulinta ndi seva, koma alendo azingopita pa intaneti basi. Pepala loyesera litatuluka mu pulinta ndinavina ndekha mu ofesi ngati wamisala.

Chomaliza chinali kufufuta manambala osungidwa. Ndinachotsa onse, kuyambira kumunsi kupita kumwamba. Nditafika pa 2 ndinaima. Kenako ndinaganiza kuti a Jasi anayambitsa bungweli chifukwa cha alimi, osati chifukwa cha nambala. Mu gawo latsopano la mapulinta, nambala 2 ndinaipereka kwa seva yosunga mayina a alimiwo. Ndikhulupirira kuti akanaseka mpaka kutsokomola.

Lolemba ofesi inadzaza msanga, poti nkhani inali itamveka. Bambo Alufandika anaika mpando pakhomo n'kuuza alonda, a kabaza ndi amayi a nsomba kuti onse alowe pa waifai ya alendo nthawi imodzi, aone ngati ndikunama. Ndinkayang'ana pa sikirini mafoni akulowa motsatizana, gawo la ofesi osagwedezeka. Nthawi itakwana 10 koloko Marita anatsamiritsa njinga yake, n'kulowa ndi mafomu. Anadabwa kuona maso onse ali pa iye. Anakhala pansi, anapukuta manja pa chitenje, n'kuyatsa kompyuta. Tsamba lolembera alimi linatseguka nthawi yomweyo. Analowetsa dzina loyamba, linapita. Lachiwiri, linapita. Zala zake zinkathamanga moti mayi woletsa pulinta uja anangoti kukamwa yasa. Wina anayimba nthungululu, ndipo bambo Alufandika anang'amba kalata ija pamaso pa onse. Kenako anandiuza kuti ndiimirire ndifotokoze ndekha yemwe anali ndi manja oipa, ndipo ndinafotokoza.

Pofika Lachinayi mulu wonse wa mafomu unali utatha, ndipo alimi analandira mbewu chinyontho chisanathe m'madimba. Akuluakulu a manambala aulemu anang'ung'udza masiku awiri, koma ataona kuti intaneti ikuthamanga kuposa kale anaiwala kuti anali 7 kapena 40. Chiyambire pamenepo sipanapezeke kompyuta yosowa nambala, ngakhale pa misonkhano ikuluikulu. Mabungwe awiri oyandikana nafe anandiitana kuti ndikawagawirenso netiweki, ine yemwe ndinkaopa swichi.

Marita analembedwa ntchito yokhazikika, koma kwa sabata yathunthu sanandipatse moni. Tsiku lomwe anandilankhula anandipeza pa mpope paja. "Takhuta poti munanena," anatero, kundithokoza m'Chisena. "Koma mukudziwa, achimwene? Ndikanachotsedwa ntchito ndikanapeza ina. Chomwe chinkandipweteka n'choti nanenso ndinali nditayamba kukhulupirira kuti manja angawa ndi oipa." Anawatambasula patsogolo panga.

Tsono inu anzanga osunga manetiweki m'maofesi, m'masukulu ndi m'zipatala, musadikire kuti manambala athe. Werengani zipangizo zanu lero, mafoni omwe, mugawe magulu, alendo akhale kwaokha. Nambala yokhazikika ipite kwa pulinta ndi seva, osati kwa munthu chifukwa cha udindo wake. Ulemu perekani ndi mpando ndi moni. Chida chomwe simukuchidziwa musachibise kuseri kwa matumba, funsani anzanu, akusekani tsiku limodzi lokha. Koposa zonse, kompyuta ikamakana munthu mmodzi tsiku ndi tsiku, yambani mwadzifufuza nokha musanalole kuti anthu amuloze chala.

Buku lachikuto cholimba lija ndikadali nalo, ndipo mayina onse ndinawadula mzere. Pa tsamba lomaliza ndinajambulapo magawo anayi a netiweki yathu, kuti wodzabwera pambuyo panga asadzavutike. Masiku ano pulinta ikatafuna pepala, ofesi yonse imaitana Marita, ati ndiye ali ndi manja abwino.