A Bertus ndi Mkamwini Woponya Mpira

Ku bwalo la besibo, masewero oponya mpira n'kuumenya ndi chibonga, la timu ya Schiepolder, m'mphepete mwa mzinda wa Rotterdam, a Bertus Koelewijn ankadziwika ndi aliyense, ngakhale amene sanawaonepo nkhope. Ankawadziwira mawu. Anali bambo wamfupi, wa kamimba kotsogola, koma akangotsegula pakamwa abakha a mu ngalande ya kuseri kwa mpanda ankauluka onse.

Anabadwira kufupi ndi doko, bambo awo ali wotsitsa katundu m'sitima zapamadzi. Besibo anaiyesa ali mnyamata, koma mpira sunkawafuna. Akati amenye, chibonga chinkangodula mphepo. Akati awakhe, mpira unkawapeza pachipumi. Atazindikira kuti mphatso yawo ili pakhosi, anavula yunifomu n'kukakhala ndi ochemerera. Ntchito yawo inali yoyang'anira mlatho wa pa mtsinje wa Schie, uja amaukweza kuti maboti adutse. Anakalambira m'kanyumba kagalasi ka pamlathopo, akukalipira okwera njinga ofuna kuzemba kunsi kwa chotchinga. Kunyumba anali munthu wofatsa modabwitsa. Mkazi wawo, mayi Truus, akangoti "Bertus, nsapato," iwo ankabwerera pakhomo kukavula. Mwana anali naye mmodzi, Femke, amene anali namwino.

Loweruka lililonse la nyengo ya masewero ankakhala pa benchi imodzimodzi ndi mnzawo wa kuubwana, a Aad van Driel, amene kale ankaphika buledi. A Aad anali wamtali, wowonda ngati mzati wa magetsi, ndipo ankayankhula motsitsa. Awiriwa ankagawana chipisi m'pepala limodzi, koma sankagawana maganizo pa chilichonse. Ndipo panalibe chimene anakanganirapo kwambiri kuposa Rignald Martina.

Rignald anali wotseka masewero. Timu ikamatsogola pang'ono ndipo kwangotsala gawo lomaliza, kochi ankamuitana kuchokera ku khola, kampanda kam'mbali komwe oponya amatenthetsera manja podikira nthawi yawo. Ntchito yake inali yotulutsa omenya atatu adani asanabweze mapointi. Anali mnyamata wa ku chilumba cha Curaçao, wamtali, wamapewa otakata, ndipo mkati mwa sabata ankakonza magetsi m'mafakitale a kudoko. Mpira wake unkathamanga ngati mphezi. Vuto linali lakuti ukachoka m'dzanja kupita kwa wowakha, amene amanjuta kumbuyo kwa womenya, komwe ukupita ankadziwa ndi Mulungu yekha. Ankayamba n'kuphonya mpaka omenya awiri adutse ulere osamenya n'komwe, anthu atagwira mitu, kenako n'kutulutsa otsalawo motsatizana ngati palibe chimene chachitika.

Chitseko cha khola chikangotseguka, a Bertus ankagunda mnzawo ndi chigongono.

"Aad, tulutsiratu mankhwala ako a mtima. Akubwera uja."

"Tangokhala chete iwe. Sabata yatha anatseka kapena sanatseke?"

"Anatseka, inde, atayamba walowetsa akuba m'nyumba n'kuwaphikira khofi."

"Kutseka n'kutseka basi."

"Iwe za kutseka ukuzidziwira kuti? Ine ndatseka mlatho moyo wanga wonse, palibe njinga inagwerapo m'madzi."

"Inagwera imodzi."

"Ameneyo anali ataledzera!"

Maganizo a a Bertus anali akuti gawo lomaliza lipatsidwe kwa Sjoerd, mphunzitsi wa kusekondale amene ankaponya mosathamanga koma molunjika, ndipo Rignald aziponya m'magawo apakati, pamene nthawi yokonza zimene wawononga idakalipo. A Aad ankati mpira wa Sjoerd umayenda pang'onopang'ono moti womenya amatha kuwerenga dzina la fakitale lolembedwa pamenepo. Mkanganowo unkafalikira pa mabenchi onse, n'kukafika mpaka ku kantini, kumene mayi wogulitsa chipisi ankati onse awiri akungotaya malovu. Rignald akaponya mpira wopita kutchire, a Bertus ankaimirira, manja kukamwa ngati lipenga.

"Rignald! Wowakha ali apo, osati ku Belgium!"

Zinayenda choncho kwa nyengo zingapo, mpaka tsiku lina Femke ananena kuti Lamlungu abwera ndi mlendo pa chakudya chamasana. Mayi Truus anayala nsalu yatsopano pathebulo, akumwetulira mwachinsinsi, ndipo analamula amuna awo kuti avale malaya okhala ndi kolala. Belu litalira, a Bertus anakatsegula okha. Pakhomo panaima munthu wamtali amene anafunika kuwerama kuti alowe, atanyamula maluwa m'dzanja lomwe lija loponyera ku Belgium.

A Bertus anangoti kakasi, dzanja lili pachitseko.

"Muli bwanji, bambo?" anatero Rignald mwaulemu. "Mawu anu ndimawadziwa bwino. Nkhope ndi imene ndinkaisowa."

Pathebulo a Bertus anadya ngati mlendo m'nyumba mwawo momwe. Femke ankaluma mlomo kuti asaseke, mayi Truus akungomuwonjezera mlendoyo nyama. Potsiriza a Bertus anatsokomola.

"Ndiye kuti... mumamva zimene anthu amakuwa kuja?"

"Anthu ena ayi, bambo. Koma inuyo amakumvani ndi a mumzinda wa Delft omwe. Ku Belgium ndinapitako mwezi watha kukafuna mipira yanga, koma sindinaipeze."

Mayi Truus anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya mbale. A Bertus nawo anaseka pang'ono, khutu lili psuu. Kenako, poti analibe luso lobisa zakukhosi, anafunsa chimene chinawavutitsa zaka zonsezo.

"Nanga n'chifukwa chiyani mumayamba n'kuphonya?"

Rignald anaika foloko pansi. Anati akamatuluka m'khola miyendo imanjenjemera moti samva ngati waponda pansi, ndipo mipira yoyamba imangomupulumuka. Koma zinthu zikafika poipa, adani atadzaza paliponse, kothawira kulibe, mtima umakhala pansi wokha, ndipo amayamba kuona dzanja la wowakha ngati lili pafupi. Anati usiku woti mawa kuli masewero sagona bwino, ndipo m'mawa mwake chakudya sichilowa.

A Bertus anali asanaganizepo kuti chimunthu chachikulu chotere chingamanjenjemere.

Loweruka lotsatira khola linatseguka, Rignald anatuluka, ndipo pa benchi ya a Bertus panali zii. Anthu anatembenuka kuti aone ngati mdalayo wadwala. Nkhani ya chibwenzi cha Femke ndi Rignald inali itafika kale kwa a Aad kudzera kwa akazi awo.

"Bwanji apongozi, lero pakhosi patupa?"

"Ndikudya chipisi, sukuona?"

Mpira woyamba unadutsa pamwamba pa wowakha n'kukamenya waya wakumbuyo. A Aad anapukusa mutu mokokomeza.

"Ndaganizaganiza, Bertus. Unkanena zoona. Mnyamata uyu sangatseke ngakhale botolo. Amupatse Sjoerd."

"Sjoerd? Amene uja mpira wake umapumira panjira?"

"Si iwe unkamufuna?"

"Dzanja ngati ili, m'dziko muno ulipeza kuti? Mwanayu amafunika kumupatsa mpata kuti mtima ukhale pansi. Inu anthu osadziwa besibo mumangokuwa basi."

A Aad anaseka mwakachetechete mpaka chipisi kuwatsamwa. Kuyambira tsiku limenelo anasinthana mbali, ndipo mkangano unapitirira ndi moto womwewo.

Kumapeto kwa nyengo imeneyo Schiepolder inafika pa masewero oti ikapambana ikwere kupita mu ligi yapamwamba. Bwalo linadzaza, ena ataima pa njinga zawo kuseri kwa mpanda. Pofika gawo lomaliza timuyo inkatsogola ndi pointi imodzi. Rignald analowa, n'kudutsitsa omenya awiri ulere monga mwa nthawi zonse, kenako n'kutulutsa awiri otsatira. Anthu anaimirira. A Bertus anagwira bondo la a Aad mwamphamvu moti mnzawoyo anabuula. Womenya womaliza anakumana nawo mpirawo pakati penipeni pa chibonga. Unakwera, n'kudutsa mpanda, n'kukagwera mu ngalande. Mpira wotuluka kunja chotero unapatsa adani mapointi atatu, ndipo kumeneko kunali kugonja.

Kumbuyo kwa a Bertus anthu ena okwiya anayamba kutukwana, wina mpaka kunena kuti Rignald abwerere kwawo kuchilumba. A Bertus anatembenuka. Mawu aja ankaimitsa njinga pamlatho anatuluka onse.

"Iwe! Kwawo n'kunyumba kwanga! Uli ndi mawu, ubwere udzanenere pakhomo panga!"

A Bertus anatsika masitepe n'kulowa m'khola, malo amene pa zaka zonse zochemerera anali asanapondemo. Anapeza Rignald atakhala pa benchi, thaulo lili kumutu. Anaima pambali pake. Anapisa m'thumba n'kupeza kaswiti koziziritsa pakhosi, n'kumufumbatitsa.

"Amayi ako a Truus aphika soseji," anatero. "Tiye, izizira."

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe, ngati mwana wawo.

Nyengo yotsatira kochi anasintha zinthu. Gawo lomaliza analipereka kwa Sjoerd, ndipo Rignald anamuika m'magawo apakati. A Bertus atamva anapsa mtima, n'kukamudikirira kochiyo poimika njinga.

"Mwamuchotseranji mwana uja?"

"A Koelewijn," anatero kochi motopa, "nzeru imeneyi ndi yanu. Mwandikuwira nayo m'khutu mpaka khutu ili linasiya kumva."

"Ndiye mumamvera zonena za munthu aliyense wa pa benchi? Ndinu kochi wamtundu wanji?"

Chodabwitsa n'chakuti Rignald anasangalala nako kusinthako. Anayamba kugona bwino, m'mawa n'kumadya, ndipo mipira yake inayamba kupeza njira. A Aad ankati zimenezi zikusonyeza kuti Bertus wakale uja ankanena zoona. A Bertus ankati Bertus wakaleyo anali mbuli. Sjoerd naye analuzitsa masewero angapo, choncho aliyense anali ndi pogwira.

Ukwati wa Femke ndi Rignald unachitikira ku Curaçao. A Bertus anali asanakwerepo ndege, ndipo ulendo wonse anagwira dzanja la mayi Truus, maso ali chitsinzinire. Koma chimene ankaopa kuposa ndege chinali kukumana ndi mayi ake a Rignald, mayi Imelda, amene ankagulitsa nsomba zokazinga m'mbali mwa msewu. Ankadziwa kuti mbiri yawo inawoloka kale nyanja.

Anawapeza pakhonde, mayi wonenepa wovala diresi lachikasu, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Mayiwo anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku dazi lomwe linali litayamba kale kufiira ndi dzuwa.

"Ndinu aja munkamunyoza mwana wanga pagulu?"

"Asewere, zimene zija zinali zamasewero chabe..."

"Khalani apa." Anawakokera mpando. "Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna munthu mmodzi wonena zoona. Mwana ameneyu anayamba kuphonya asanamere mano. Wowakha ali uko, iye n'kuswa windo la aneba mbali inayo. Ndinamuuza kochi wake woyamba kuti uyu musamupatse gawo lomaliza, mudzafa ndi mtima. Anandimvera? Amuna simumva."

"Koma asewere, liwiro la mpira wake..."

"Liwiro lopita kuti? Basi yothamanga yosadziwa njira mungakwere inu?"

"Atakhala ndi wowakha wabwino womukhazika mtima pansi..."

"Aa, mwayamba kumuikira kumbuyo? Anandiuza kuti ndinu munthu wanzeru!"

Rignald anali ataima pakhomo ndi mbale ya nyama ya mbuzi. Anayang'ana Femke, n'kubwerera nayo mbaleyo m'nyumba mwakachetechete. Awiriwo anakangana masana onse, nsomba zikubwera, mafupa akuwunjikana. Mawa lake mayi Imelda anawatengera a Bertus ku bwalo la m'dera lawo, lafumbi lokhalokha, kukaonera anyamata akumeneko. Woponya wina ataphonya, mayiwo anaimirira n'kukuwa mawu amene a Bertus sanawamve tanthauzo, koma mbuzi zimene zinkadya kuseri kwa mpanda zinabalalika. A Bertus anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

Atabwerera ku Rotterdam, khungu likusupuka pamphuno, anauza a Aad kuti, "Aise, ife timangosewera. Kuli mayi kutsidyako, iwe sungathe naye ngakhale gawo limodzi."

Rignald anaponyabe nyengo zingapo mpaka phewa linayamba kuvuta, kenako anasiya. A Bertus akadali pa benchi yawo, ngakhale masiku ano amakwera masitepe mogwira chitsulo. Lamlungu masana foni ya kunyumba kwawo imalira kuchokera kuchilumba. Mayi Imelda safunsa za mwana wawo kapena za adzukulu, poti amenewo amayankhula nawo tsiku lina. Amangoti, "Ndipatseni asewere, ndimve kuti dzulo anatseka ndani." Mayi Truus amapereka foniyo, n'kuvala jekete, n'kupita kukayenda m'mbali mwa mtsinje.