Tsiku Limene a Chimphepo Anatemwa ku Luwawa

Tinanyamuka pa Mzimba boma Loweruka cha m'ma 7, ana a kalabu ya zachilengedwe makumi awiri, pa lole ya matabwa yobwerera ku Luwawa. Aliyense anasonkha matambala makumi asanu a mafuta. Anatiperekeza ndi anyaJere, metroni wathu, ndi a Chimphepo, mphunzitsi wa Chichewa amene anali atangofika kuchokera ku Ntcheu, Chitumbuka osachidziwa ndi pang'ono pomwe. Ine ndinakwera ndi chenjezo la ahedi: ndikangochita chipongwe china, ndikanyamule sutikesi, sukulu yathera pomwepo.

Pamphambano ya msewu waukulu ayufi anatiimitsa kuona makhadi achipani. A Chimphepo potulutsa lawo anagwetsa machesi. Ndinawatolera mwaulemu, n'kuwanong'oneza kuti anthu a m'nkhalango, mwezi wa moto uno, akapeza munthu ndi machesi safunsa kawiri. Anaseka, koma chitumbuwa chimene anagula pamenepo sanachimalize.

Cha m'ma 10 tinasiya msewu waukulu n'kulowa wafumbi. Paini mbali zonse, mizere yake yowongoka ngati ana pa asembule, nkhungu ikukwawa pansi, kuzizira kolasa m'mafupa. Pachipata tinakumana ndi kapitawo, a Mkandawire, ndi amuna khumi ochokera kolambula njira zotchinga moto, aliyense chikwanje m'manja. A Mkandawire anagwira dzanja la a Chimphepo n'kunena kuti, "Ise kuno ŵasambizgi tikuŵatemwa chomene."

Kwa inu akumwera, ŵasambizgi ndi aphunzitsi, ndipo kutemwa kwathu kuno ndi kukonda. A Chimphepo anayang'ana zikwanje, n'kundifunsa chapansipansi kuti akuti chiyani.

"Mwamva nokha, aphunzitsi," ndinatero.

Ife tikutsikira kudamu, a Chimphepo anati akadzithandize kaye. Ankapita kukataya machesi, ndinadziwa, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Damu linali phee, madzi obiriwira, kabwato kamodzi kataguga m'bango. Tinadya mabanzi ndi sobo. Ola linatha, a Chimphepo osabwerera. Lachiwiri litayamba anyaJere anasiya kutafuna, a Mkandawire n'kunena kuti m'paini munthu amasokera ali pafupi ndi msewu, ndipo kuzizira kwa kuno kwagonekapo anthu m'chipatala.

Anamenya chitsulo choitanira anthu pakabuka moto, amuna aja n'kumwazikana m'mizere akukuwa, zikwanje zikung'anima. Apa mpamene ndinazindikira: munthu wofunidwayo akawaona chonchi, adzabisala. Kuulula kwa anyaJere kunali kudzilongedzera ndekha sutikesi. Ndinangothamanga kutsogolo kwa gulu, kulowa mzere wina, n'kumakuwa m'Chichewa, "Aphunzitsi, ndine Tiwonge! Kutemwa n'kukonda! Ndinakunamizani!"

Mulu wa nthambi zodulidwa unagwedezeka. Anatuluka a Chimphepo, masamba a paini ali mbuu m'mutu, nsapato imodzi palibe, mano akugundana. Sindinakondwerepo chonchi poona mphunzitsi.

Kudamu a Mkandawire anawafunditsa jasi lawo n'kuwapatsa tiyi wa m'chitini. AnyaJere anafunsa chimene chinachitika, maso ali pa ine. A Chimphepo anayang'ana anyamata a Fomu 2 amene anali atatchera kale makutu.

"Ndinatengeka ndi mbalame ina yake, mayi," anatero. "Mitengo ya kuno n'njofanana."

Tinabwerera cha m'ma 4 pa lole yomweyo, titakhala pamwamba pa matabwa onunkhira utomoni. Luwawa ndi malo oti mukawaone, koma tengani juzi, ndipo musachoke pamsewu. Ndinaphunzirakonso kuti manyazi a munthu wamkulu amapulumutsa mwana.

Potsika pa boma a Chimphepo anandiitanira pambali. Chilango changa, anati, ndiziwaphunzitsa mawu khumi a Chitumbuka tsiku lililonse mpaka temu itatha. Tayamba kale, ndipo akuchita bwino. Pa mawu khumi aliwonse, asanu ndi anayi amakhala oona.