Mlatho Wopanda Mwini

Anthu ankangomutcha Wamabuku. Anali wamtali, wosaseka, zala zake zili gwaa ndi guluu. Sitolo yake inali kachipinda moyang'anana ndi siteji ya basi. Ankagulitsa mabuku akale a sukulu, othothoka masamba n'kumawasoka yekha. Makasitomala akasowa, ankalemba ake.

Kachipindako kanali ka mlamu wake wogulitsa simenti, mchimwene wa mkazi wake. Mkaziyo atamwalira, chibale chinathera kumanda. Mvula ili mkati, mlamuyo anatulutsa mabuku onse panja n'kulowetsamo simenti. Wamabuku anapeza katundu wake atafufuma ngati buledi wogwera m'madzi.

"Simenti imaopa madzi, alamu," anatero mwini chipinda. "Mapepalawa mungoyanika."

Wamabuku anayanika zoyanikika, zina n'kutaya. Telala wina anamupatsa mbali ya khonde lake, ndipo pamenepo anayamba kulemba mbiri ya tauniyo.

Akamaliza mutu ankauwerenga mokweza pakhondepo Loweruka masana, kuti amene anaona ndi maso amukonze. Anthu ankadzaza mpaka mumsewu, aliyense kudikira dzina la kwawo.

Tauni yonse inkadziwa kuti mlatho wapamtsinje unamangidwa chifukwa cha mlamuyo. Anavutitsa akuluakulu mpaka analola, anapereka simenti ndi lole yake. Tsiku la mutu wa mlatho anabwera atavala jekete, atanyamula mpando wakewake, n'kukhala kutsogolo.

Wamabuku anatchula amisiri onse mayina. Anatchula amayi otunga madzi, dalaivala wa lole, bambo amene anaduka chala, ngakhale galu amene anaponda konkire yaiwisi n'kusiyapo mapazi. Kenako anatseka kope lake.

"Mwadumpha tsamba, alamu," anatero mlamuyo.

"Ine sindidumpha."

"Nanga simentiyo inagwa kumwamba?"

"Kumwamba kumagwa mvula, alamu. Imeneyo ndiye ndikuidziwa bwino."

Telala anatsokomola. Amene akanakonza mutuwo anangoyang'ana pansi, poti aliyense anali ndi chilonda chake ndi mlamuyo.

Buku litatuluka, mlamuyo anagula mabuku onse n'kukawatentha kuseri kwa sitolo yake. Wamabuku anasindikizanso. "Kasitomala wotere sindinamuonepo," anauza telala. Aphunzitsi anayamba kuliwerengetsa ana. Patapita zaka, mlamuyo ankaima pamlathopo ndi ndodo, kumauza odutsa kuti anamanga ndi iye. Ana asukulu ankamuyankha mwaulemu kuti m'buku mulibe dzina lake.

Mwana wamkazi wa Wamabuku anayesa kuchonderera. "Bambo, amalume akalamba. Mzere umodzi wokha."

"Nawenso lemba lako."

Pomaliza mlamuyo anabwera yekha, akukoka mwendo. Anaika kiyi wa kachipinda kaja patebulo.

"Tengani, alamu. Ndinalakwa."

"Khonde landikwana."

"Ndiye lembani zoipazo. Lembani kuti ndinakutayirani mabuku pamvula. Bola dzina likhalemo."

Wamabuku anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaona kuti kolala ya jekete yatha. Anafunafuna chisoni mumtima mwake, sanachipeze.

"Munthu woipa anthu amamukumbukira, alamu. Zimenezo sindingakupatseni."

Anamubwezera kiyi m'thumba la jekete, n'kumuperekeza mpaka pamsewu monga ulemu ufunira.

Wamabuku anamwalira chaka chotsatira, mlamu wake pambuyo pake. Bukulo likadali mulaibulale ya tauni. Amene ankadziwa dzina la mlamuyo atsala ochepa, ndipo palibe amawafunsa.