Ng'oma Sinaleke ku Twapia

Chinali chaka cha 1976, ine ndili ndi zaka 22. Ndinauza amayi kuti ndikupita ku Ndola, ku Migodi. Sindinapemphe, ndinangowauza. Kwathu ku Katete ndinkaomba ng'oma ya mbalule pamaliro ndi pachinamwali, malipiro ake chipanda cha mowa. Manja anga anali oposa chipanda.

Amayi anali munthu wa Baibulo, ng'oma ankadana nazo, koma sananditsekereze. Anangoti, "Pita. Koma Yohane usamukoke." Yohane anali mng'ono wanga. Patapita zaka zitatu ndinamukoka. Ndinamutumizira ya basi, ndi kalata yoti ku Migodi ndalama amachita kutola pansi.

Ndinayamba ndi kusenza matumba a simenti. Ndinkagona pansi m'kachipinda ka ku Twapia, komboni ya ku Ndola, amuna asanu ndi mmodzi, bulangete langa lokhalo ndilo linali lachibale. Chibemba sindinkachimva. Lamlungu anzanga akatuluka ndinkatsala ndekha, n'kumaomba chigubu cha madzi kuti mutu usazungulire. Mwini bala wina, a Bashi Chanda, anandimva akudutsa. Anali ndi zida zonse: magitala, zokuzira mawu, ndi ng'oma zachizungu zoomba ndi timitengo, ina yaikulu yoponda ndi phazi. Wowaombera anali atathawa.

"Iwe wodya mbewa, izi ungazithe?"

"Ngati wodya anyani anatha kuzigula, ine ndingathe kuziomba."

Anaseka, nandilemba ntchito. Ndinaziphunzira m'milungu itatu.

Lamulo lawo linali limodzi. "Ndewu ikabuka, wileka." Ndiko kuti usaleke. Wa gitala angaleke, woimba angathawe, koma ng'oma ayi. Lamulolo silinali lopusa. Ng'oma ikamalira, ovina amavinabe, omenyana amakhala awiri kapena atatu, alonda n'kuwaponya kunja. Ikangoti zii, bala yonse imatembenuka. Aliyense amapezamo mnzake m'ndewumo, mipando n'kuyamba kuuluka. Ndinaziona ku Wusakile mnzanga wina ataleka. Anthu anayi anatuluka atanyamulidwa, zida zonse zitaphwanyika.

Ine sindinkaleka. Ku Chimwemwe botolo linandigulula mano anayi. Ndinalavulira magazi pang'oma, ndikuombabe. Wa kumgodi wina ku Luanshya anandiswera mpando pakhutu lakumanzere, mpaka lero silimva. Nyimbo ndinaimaliza. Dzina langa linasanduka Wileka. Ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola, eni mabala ankachita kundilimbirana. Ndinali katswiri, ndipo lero ndikamaona anyamata akudina kamakina kuti kawaombere ng'oma, ndimangolavula.

Ndalama zinkabwera Loweruka, pofika Lachiwiri zathera m'mabotolo ndi m'nsapato zosongoka. Komabe amayi ndinawagulira malata. Makalata ankalemba ndi Yohane, chifukwa ine ndinalekera Giredi 5. Tinkawauza kuti tikugwira ntchito yokhoma mipando.

Yohane anaphunzira gitala wamkulu wa mawu okhuthala, ndipo ankaimba. Anali woseka, wa mpata kumano. Ku Twapia ankamukonda kuposa ine. Ine ankangondiopa.

Linali Loweruka la malipiro mu 1985, dzuwa likadali pamwamba, bala ya a Bashi Chanda itadzaza kale. Yohane anaika gitala pansi n'kutsika kukaimbira pakati pa anthu, monga ankachitira nthawi zonse. Mkazi wina anamupukuta thukuta ndi mpango wake, namumata ndalama pamphumi. Mwamuna wake, dalaivala wa malole, analipo ndi anzake atatu. Anamupanikizira Yohane pafupi ndi khomo. Ine ndinali pampando wanga pamwamba, ndikuona zonse.

Botolo loyamba linamugwetsa. Anadzuka magazi akutsikira m'maso, nafuula kuti, "Akulu!" Ndinamva ndi khutu labwinoli. Ndinayang'ana a Bashi Chanda. Anazunguza dzanja m'mwamba, kutanthauza kuti pitiriza. Mumtima ndinati alonda awatulutsa, monga masiku onse. Phazi linkaponda lokha. Manja ankayenda okha. Ndinaomba bwino tsiku limenelo, bwino kwambiri, moti palibe wovina amene anacheuka.

Alonda anawatulutsadi, pamodzi ndi Yohane. Kunjako anamupondaponda ndi majombo, wina n'kumubaya pakhosi ndi botolo losweka. Nyimbo itatha ndinamupeza m'ngalande, ndalama ija ikadali yomatika ndi magazi pachipumi. Anatsirizika tisanapeze galimoto.

Ndikanangoika timitengo pansi, bala yonse ikanatembenuka, ndipo bala imeneyo inali ya Yohane. Amuna anayiwo sakanamukhudzanso. Zimenezi ndazilingalira zaka zonsezi, yankho silisintha.

Ndinalowanso mkati, ndinazula chitsulo choimikira ng'oma, n'kuwathyola nacho mkono a Bashi Chanda. Ali pansi anati, "Undiphe ngati ufuna. Koma timitengo tinali m'manja mwako." Sananame. Apolisi atanditenga anandiponda dzanja lamanja pasimenti, zala ziwiri zinathyoka, ndipo zinapolera mokhota. Omupha Yohane anadutsa malire, sanapezeke.

Tinamuika ku Ndola. Kalata ndinalemba ndekha, ndi dzanja lamanzere: Yohane wagundidwa ndi galimoto popita kuntchito. Amayi anayankhitsa mizere itatu. Anati amva, Mulungu ndiye adziwa, ndibwere adzandione. Sindinapite. Munthu ungalembe bodza, koma kulinena amayi ako akukuyang'ana ndi nkhani ina.

Ndinaombabe zaka zingapo m'timabala ta ku Mushili, kamtengo nditakamangirira kudzanja ndi mphira. Ndewu ikabuka ndinkasiya ng'oma n'kulowamo, osafunsa kuti walakwa ndani. Anandichotsa paliponse. Mkazi wanga anatopa ndi kuchapa magazi m'malaya anga, anabwerera kwawo ku Kasama ndi mwana. Ndinakhala mlonda wa golosale. Amayi anamwalira mu 1999. Uthenga unandipeza, ndinatumiza ya bokosi, ine osapita.

Ndinabwerera mu 2016, miyendo itayamba kukana ulonda. Ndinatsika basi pa Katete ndi chikwama chimodzi. Njira ya kwathu ndinachita kufunsa. Mlongo wanga Esinati, amene ndinamusiya ali namwali, ndinamupeza ndi imvi, akusenda mtedza pakhonde. Malata aja anali akadalipo, ofiira ndi dzimbiri.

M'mawa mwake anandiperekeza kumanda a amayi. Mawu ndinali nditawakonza m'basi monse. Ndinavula chipewa, ndinati, "Mlongo, Yohane sanagundidwe ndi galimoto."

Esinati sanadzidzimuke. Anapitiriza kuzula udzu pamanda.

"Tikudziwa, alongo."

"Mukudziwa chiyani?"

"Zonse. Botolo, ngalande, inu muli pang'oma. Kalata yanu inafika nkhani itafika kale. Anabwera nayo ndi amake Tobiyasi, aja ankagulitsa mtedza kumsika wa Masala ku Ndola. Mudzi wonse unamva."

"Amayi?"

"Amayi ndiwo anayamba kumva. Anatiletsa kukuuzani. Ankati, akadziwa kuti tikudziwa, sadzabweranso. Ndiye iwonso ankati galimoto, ngakhale kwa ife. Dzinja lililonse ankatiletsa kubzala m'munda mwanu, ati mwiniwake ali m'njira."

Ndinakhala pansi. Ndinabisala zaka 31 kuopa chinthu chimene ngakhale ana a pamudzi ankachidziwa.

"Nanga iwe?" ndinamufunsa.

Anakutumula dothi m'manja. "Ine sindinakukhululukireni. Yohane ndinkamubereka kumsana. Koma munda wanu ndi uwo, kuseri kwa mango. Khasu mukabwereke kwa mwana wanga."

Ndikulima mundawo tsopano. Esinati amanditumizira chakudya ndi ana, iye sakhala pansi kuti adye nane. Anyamata a gule anabwera kudzandipempha kuti ndiwaonetse mbalule. Ndinawaonetsa dzanja, anabwerera.

Ndikawerenga zimene Migodi inanditengera, ndi izi. Mano anayi. Khutu limodzi. Zala ziwiri. Mkazi ndi mwana. Maliro a amayi. Zaka 31 zimene pakhomo panali potsegula. Yohane sindimuika m'chiwerengerochi, chifukwa iyeyo Migodi sinamutenge. Ndinamupereka ndine.