Kwacha Yotsala ya a Jere

Goodson anaima pakhonde la a Jere ku Embangweni, maso ali tong'o m'mbale. Ndalama ya pepala imene anaviika m'menemo inali kuyera iye akuona. Mtundu unasungunuka, zilembo zinazimirira, kenaka pepala linanyenyeka ngati tsamba lovunda.

"Mayo ine! Mwathiramo chiyani, a Goodson?" anafunsa a Jere, mphunzitsi wopuma pantchito, atagwira pakamwa.

"Jiki pang'ono chabe, adada. Malaya amayera nayo..."

Abale anga, imvani mmene munthuyu anafikira pamenepa. Goodson anachoka ku Dedza kudzacheka matabwa m'nkhalango ya Viphya. Tsiku lina sowo inamudula zala ziwiri za kumanja, ntchito n'kuthera pomwepo. Anatsikira ku Jenda n'kumayala pansalu ndalama zakale zimene zinasiya kugwira ntchito, poti alipo apaulendo ena amene amazigula kuti azisunga. Oterewa safuna ndalama yolembedwalembedwa. Njala inamunamitsa Goodson: ankauza aliyense kuti amadziwa kufufuta inki.

A Jere anamva mbiriyo, n'kumuitanitsa. Iwo anali ndi ndalama ziwiri za kwacha imodziimodzi, zotsala pa malipiro awo oyamba, zimene akazi awo anasunga m'buku la nyimbo zaka zoposa makumi anayi. Pamaliro a mayiwo, wina wosowa pepala analembapo ndi bolopeni manambala a nyimbo zoti ziimbidwe, poganiza kuti n'zotayika. A Jere sankafuna kugulitsa. Ankangofuna kuziona zoyera monga anazisiyira malemuwo. Ndiye imodzi ndi imeneyo, yathera m'mbale.

Goodson anagwada, kudikira chipongwe. Mkuluyo anayang'ana m'mbalemo, misozi ili lengelenge. Kenaka analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tiyi ndi mbatata. Ataona kuti dzanja la mlendo lili ndi zala zitatu zokha, anamusendera mbatatayo.

"Yatsala imodzi," anatero. "Sindipatsa munthu wina. Kaphunzireni, mbwenu mubwere."

Goodson ananyamuka. Njira yonse yobwerera ku Jenda pakamwa pake panangotuluka mawu amodzi: "Ambuye, Ambuye."

Anayamba kuyeserera pa tindalama tapepala tothaitha timene anthu amalembapo manambala a foni pamsika. Ndimu inadya pepala. Sopo anachotsa mtundu. Parafini anasiya banga loposa inkiyo.

"A Zalazitatu, lero mukuchapanso ndalama?" ankamuseka mayi Keziya, wogulitsa anyezi. "Bwanji osayamba ndi kolala ya malaya anuwo?"

Koma ndi mayi yemweyo amene ankamupatulira pepala lililonse lokhwatchidwa likafika m'manja mwake, ndipo ndiye anamubweretsera kabotolo ka sipiriti wotsukira mabala.

Miyezi khumi inatha. Goodson anaphunzitsa dzanja lamanzere kugwira kamtengo ka machesi kokulunga thonje lonyowetsa ndi sipiriti. Anazindikira kuti inki sapukuta ayi: umayala pepala lofewa pansi, n'kumangokhudza pang'onopang'ono, thonje likada n'kusintha. Anazindikiranso kuti inki ina, monga ya chidindo, siichoka ngakhale utalira.

M'mawa wina anakweranso galimoto ya ku Embangweni. A Jere anapemphera mawu ochepa, n'kuika kwacha yotsalayo patebulo. Goodson anayesa kaye pakona. Mtundu sunasunthe. Anapuma, n'kuyamba.

Dzuwa linafika pamutu iye adakali chiweramire. Nambala yoyamba inachoka, yachiwiri, yachitatu. Pa yomaliza panatsala kamthunzi kochepa, iye n'kuika thonje pansi.

"Apa ndilekeza, adada. Ndikapitiriza ndiboola pepala."

A Jere ananyamula ndalamayo, kuiyang'ana kuwindo, kuitembenuza, kuiyang'ananso. Kukamwa kunali yasa.

"A Goodson, ine mumtima ndinali nditaitaya kale iyi! Ndimangoti bola munthu asafe ndi manyazi." Kenaka anathokoza m'chinenero chakwawo. "Yewo. Yewo chomene, mwana wane."

Lero osunga ndalama zakale a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amamufunafuna Goodson. Yosatheka amaibweza osaikhudza, ndipo yotsukidwa amaneneratu kwa wogula kuti yatsukidwa.

Mwina nanunso munawononga chinthu cha mwini chimene sichingabwerere, ndipo manyazi akukuletsani kudutsa pakhomo pake. Lapani, kaphunzireni chimene munanama kuti mumachidziwa, mubwerere. Ndipo inu amene mwatsala ndi imodzi yokha, Mulungu akupatseni mtima womudikira wolakwayo. Musafooke, abale anga, osataya mtima.